Saran Diakité Aphunzira Kutsutsa Akulu

Bamako, 16 Febuluwale 1997

Okondedwa Abambo,

Mtendere ukhale nanu. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi ndi onse a pakhomo. Bondo lija lasiya kuvuta? Nanga ng'ombe yamawanga ija yabereka? Kuno azakhali a Tenin ali bwino, kungoti manja awo akadali abuluu mpaka m'zigongono chifukwa cha nsalu za Idi zomwe akhala akunyika mu utoto.

Munandiuza kuti ndizikulemberani zoona zokhazokha, ndiye limbani mtima. Mwana wanu uja ku Yanfolila aphunzitsi ankamuimika kutsogolo kuti anzake atengere chitsanzo, kuno wasanduka mbuzi. Masamu olemba ndikukhoza ndithu. Koma kuti munthu alowe kalasi ya mainjiniya ku yunivesite pali mayeso awiri, olemba ndi apakamwa. Apakamwawo umalowa wekha m'chipinda, woyesa amakupatsa funso, iwe n'kuima pa bolodi kumaganiza mokweza iye akukuyang'ana.

Lachinayi tinayeserera ndi aphunzitsi athu a Maïga. Anandiuza kuti nditenge nambala iliyonse, ndiichulukitse ndi iyo yomwe, ndiphatikizepo nambalayo, kenako ndiphatikizepo 41. Ndinayesa 1, inatuluka 43. Ndinayesa 2, inatuluka 47. Ndinayesa 3, inatuluka 53. Zonsezi ndi nambala zosagawika, zija sizigawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi izo zomwe. A Maïga anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndiye kuti zizituluka zosagawika mpaka kalekale. Si choncho, Diakité?"

Abambo, bodzalo ndinaliona asanatseke n'komwe pakamwa. Ukangotenga 41 yemweyo, zonse zimagawika ndi 41, ngakhale mwana wa pulayimale angaone. M'mutu mwanga munali phokoso lokhalokha. Koma pakamwa panga panati, "Inde, aphunzitsi." Anandifunsanso kachiwiri, ine maso ali pa nsapato zawo, n'kubwereza inde yemweyo mwaulemu woposa poyamba. Anaika choko pansi. Akuti anachita dala, ndipo pa tsiku lenileni oyesa amachitanso zomwezo, amakutchera bodza kuti aone ngati uli ndi mutu wakowako kapena umangotsatira. Anandipatsa malikisi anayi pa makumi awiri, akuti anayiwo ndi a kulemba mowongoka pa bolodi.

Ndinalira m'minibasi njira yonse, moti amayi ena anayamba kundipepesa poyesa kuti ndaferedwa, ine osawatsutsanso. A Maïga ali ndi imvi ngati zanu. Munthu wotere ndimuyamba bwanji kumuuza kuti wanama?

Pangano lathu sindinaliiwale: chaka chimodzi chokha, ndikalephera ndibwerera kudzathandiza amayi kugulitsa mkaka mpaka a Bourama atamaliza nyumba yoti adzandiikemo akandikwatira. Ndamva kuti afika pa mawindo. Muwauze asafulumire, simenti ya masiku ano imafuna nthawi.

Mundilembere za kwathu.

Mwana wanu,
Saran

Yanfolila, 5 Malichi 1997

Mwana wanga Saran,

Talandira moni wako, nafenso tikukupatsa moni. Tonse tili bwino. Bondo likadalipo. Ng'ombe yabereka yaikazi.

Kalata yako ndinawawerengera amayi ako kawiri, kenako ndinakawawerengera amalume ako titatuluka mu mzikiti. Sindikuona chimene ukulirira. Munthu waimvi analakwitsa pamaso pako, iwe unamusungira ulemu wake. Ndinakulera choncho, ndipo ndanyadira. Pakhomo pano mwana sauza mkulu kuti wanama. Akaona kuti mkulu wasochera amadikira, kenako amatuma munthu wa msinkhu woyenera kukamunong'oneza.

Zoti anachita dala ine sindikuzikhulupirira. Ndinakhala kalaliki ku ofesi ya thonje zaka zambiri, anthu ophunzira ndimawadziwa: akalakwitsa amati amakuyesa. Ndaganiza mofatsa ndipo ndaona kuti vuto ndi lakuti chiyambire sitinakawaone a Maïgawo, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga. Ndapatsira Drissa wa basi nkhanga ziwiri ndi chikho cha mafuta a mkaka. Ukapereke ndi manja awiri, unene kuti bambo ako akupereka moni. Uona malikisi ako akusintha.

Bourama wayamba kukhoma denga. Uthenga wako sindinamuuze.

Azakhali ako bwanji salemba? Uwauze kuti mlongo wawo akadali moyo.

Bambo ako,
Broulaye Diakité

Bamako, 12 Epulo 1997

Achimwene,

Landirani moni wa kuno. Ndamva kuti mukadali moyo, zikomo pondidziwitsa. Mlamu wanga ali bwanji? Muwauze kuti nsalu yawo ija sindinaiwale, ntchito ndiyo yandichulukira.

Nkhanga zanu a Maïga anazikana, ndipo anatsala pang'ono kumuthamangitsa mwana m'kalasi poganiza kuti ndi ziphuphu. Saran anabwerera nazo m'minibasi zikulira, iyenso akulira. Tinadya ife, zinali zonona. Musatumizenso zina, kapena tumizani koma muzinena kuti ndi zanga.

Mwanayu munamulera bwino mopitirira muyeso. Mayeso oyeserera achiwiri anabwerako ndi malikisi asanu. Pakhomo pano ndikanena dala kuti lero ndi Lolemba pamene ndi Lachitatu, amangoti mwina ndi choncho azakhali. Ine ndinaona kuti matenda amenewa sachira ndi nkhanga, ndiye ndinamukokera kwa nkhalamba Ballo wa kuseri kwathu kuno, uja anapuma pa ntchito yophunzitsa masamu. Dzina lokhalo mwamva kale: ndi wa mtundu wa osula zitsulo, asuweni athu a chipongwe, amene Mfula aliyense wa mtundu wathuwu, ngakhale khanda loyamwa, akhoza kuwatukwana iwo n'kubweza popanda mlandu.

Titangolowa, nkhalambayo inamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa ngati ndabweretsa munthu kapena ndodo yokusira ng'ombe. Saran anagwada. Ballo anati iye saphunzitsa Mfula wogwada, chifukwa Afula onse ndi akapolo ake kale, kugwadako n'kungomutayira nthawi. Ndinamutsina mwana kumsana. Anapitiriza kugwada. Ndinamutsinanso, tsopano mopotokola. Ndinamva kamawu kochepa kakuti, "Kapolo ndinu, agogo. Makolo anu ankasula mabelu a ng'ombe zathu." Achimwene, misozi inalengeza m'maso mwanga ngati tsiku lija anayamba kuyenda.

Tsopano amapita madzulo alionse akaweruka. Amakhala pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa ku khoma, Ballo akunama masamu dala, mwana akumukalipira. Anthu odutsa amaima kuonerera, wogulitsa mtedza wasamutsira pomwepo bizinesi yake. Ballo sakufuna kanthu, akuti ndingomunyikira mkanjo wa Idi ya nkhosa.

Mundiyankhe, koma musandilalikire.

Mlongo wanu,
Tenin

Bamako, 18 Meyi 1997

Okondedwa Abambo,

Mtendere ukhale nanu, ndi amayi, ndi onse. Idi munadya bwanji? Kuno kukutentha moti choko chimamata m'manja. Yankho lanu pa kalata ya azakhali silinafike. Iwo akuti mwakwiya, ine ndikuti ndi a positi.

Ndikuuzeni za dzulo, mwina museka. A Ballo anandilumbirira kuti ng'ombe zonse za Afula ndi za maonekedwe amodzi, kulibe yakuda kulibe yofiira, ndipo anati atsimikiza ndi masamu. Akuti ng'ombe ikakhala imodzi, nkhani palibe, imafanana ndi iyo yomwe. Akuti tsono ngati gulu lililonse la ng'ombe khumi ndi lofanana, la khumi ndi imodzi nalonso ndi lofanana, chifukwa ukachotsa yoyamba zotsalazo ndi khumi zofanana, ukachotsa yomaliza ndi khuminso zofanana, ndipo zapakatizo zili m'magulu onse awiri, zimawalumikiza. Choncho kuchoka pa imodzi umangokwera mpaka khola lonse.

Ndinadziwa kuti ndi bodza chifukwa yamawanga ija ndimaidziwa. Koma anati kudziwa aliyense amadziwa, ine ndiloze ndi chala pamene pathyoka. Ndinazungulira mtengo wa mango mpaka iwo anafika pa kapu yachitatu ya tiyi. Kenako ndinaona: pochoka pa ng'ombe imodzi kupita pa ziwiri, zapakati palibe, ndiye makwerero onse amagwera pa sitepe yoyamba. Ndinawauza kuti utsi wa m'chipala unawaphika ubongo, ndipo wosula asamawerenge ng'ombe zimene chibadwire sanakhalepo nazo. Anaseka mpaka chipewa chinagwa.

Koma musayambe kusangalala. Lachinayi a Maïga ananditcheranso bodza. Ndinayesa kuwaona m'maganizo atanyamula nyundo, nkhope ili bii ndi mwaye, koma a Maïga ndi a kumpoto, sitili nawo pa chipongwe, ndipo mtima wanga unakana kunamizidwa. Ndinatsegula pakamwa, panatuluka "mwina", kochepa moti anandifunsa ngati ndatsokomola. Anandipatsa asanu ndi atatu. Ndiye mwana wanu pansi pa mango ndi chilombo, m'kalasi ndi nkhuku yonyowa. Ndikuopa, Abambo, sindikubisirani.

Mwana wanu,
Saran

Bamako, 22 Juni 1997

Okondedwa Abambo,

Mtendere ukhale nanu. Mvula yayamba kumeneko? Mwadzala? Drissa ndinamuona pa siteji, akuti muli bwino ndipo munalibe choti mumupatsire. Ndinamufunsa kawiri, anapisa m'matumba onse kuti ndione.

Olemba talemba. Pepala lake linali lalitali ngati nsalu ya azakhali, koma pepala lilibe imvi, ndiye ndinalimbana nalo popanda manyazi. Funso lina linandikana mpaka belu, enawo ndinawagwetsa. Mnyamata amene anakhala pafupi nane anatuluka akuyimba mluzu, ine ndinatuluka nditavala nsapato imodzi, inayo ndinaivula osadziwa n'kuisiya pansi pa desiki.

Apakamwa ali mwezi wa mawa. Amayi andipempherere. Inunso, ngati simunakwiye, mundilembere ngakhale mzere umodzi wa za bondo.

Mwana wanu,
Saran

Bamako, 20 Julayi 1997

Okondedwa Abambo,

Mtendere ukhale nanu. Moni kwa amayi. Moni kwa amalume ndi akazi awo onse awiri. Moni kwa a imamu, kwa oyandikana nawo, ngakhale kwa a Bourama. Chimanga chafika pati? Kamwana ka yamawanga kakukula? Udzudzu wachuluka? Mwaona kale kuti ndikuzengereza.

Olemba ndinakhoza, anandiitana ku apakamwa. Lachiwiri m'mawa tinakhala pa benchi m'khonde, aliyense akuyang'ana mawondo ake, makolo ena ataima pa mawindo. Ndinafunsa mlonda kuti chipinda chimene ndilowe muli ndani, iye anati chimenecho ndi cha a Fané. Abambo, Fané, dzina la osula enieni! Ndinaona kuti Mulungu wamva mapemphero a amayi. Dzina langa litaitanidwa ndinalowa ngati ndikulowa m'khola mwathu.

Ndinapeza nkhalamba yowonda, yaitali, ya ndevu zoyera. Kuwonda kwa ngati ife Afulako kukanandichenjeza, koma ayi. Ndinati, "Mwadzuka bwanji, kapolo wanga? Nyundo mwaisiya kuti lero?" Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundilozera bolodi. Mumtima ndinati uyu ndi katswiri, zake akusungira kumapeto.

Funso linali lophatikiza 1, theka, gawo limodzi la magawo atatu, la anayi, la asanu, osaleka. Nditayamba kulemba, iwo ananena mofatsa kuti popeza tizidutswato tikunka tichepa mpaka kutsala ngati fumbi, zonse pamodzi ziyenera kukaima penapake, ndiye ine ndingopeza pamene zikaimepo. Msampha unali umenewo. Ndinatembenuka n'kuwayang'ana m'maso. Ndinawauza kuti maganizo otero ndi a munthu amene anakulira pa moto mpaka mutu unapsa. Ndinawaonetsa kuti la atatu ndi la anayi pamodzi zimaposa theka, zinayi zotsatira zimaposanso theka, zisanu ndi zitatu zotsatira chimodzimodzi, ndipo matheka osatha sangaime paliponse. Anayesa kundikhotetsa kawiri, ndinawabweza kawiri, ndi tsabola pamwamba. Pena ndinawalonjeza kuti ndikadzakhala injiniya ndidzawalemba ntchito yonola makasu. Choko chinkathamanga chokha. Chibadwire sindinaganizepo bwino ngati m'mawa umenewo.

Nditamaliza analemba kanthu n'kutseka cholembera.

"Diakité wa kuti?"

"Wa ku Yanfolila, kwa ambuye anu."

"Mwana wa Broulaye wa ku thonje?"

Ndinavomera ndi mutu.

"A Fané agonekedwa m'chipatala, ndawalowera m'malo. Ine ndine Satigui Diakité wa ku Kalana. Ukawapatse moni abambo ako."

Abambo, ndatchula mkulu wa mtundu wathu, wa dzina lathu lomwe, kuti wosula ndi kapolo, chitseko chili chotsegula, khonde lonse likumva. Ndinagwada. Iwo anangoitana wotsatira. Ndinatuluka chambuyo n'kugunda chidebe cha zinyalala, chinagubuduka mpaka pa masitepe.

Azakhali anaseka mpaka anakhala pansi, kenako mwadzidzidzi anasiya kuseka. A Ballo akuti pa ophunzira onse amene anawaphunzitsapo ndine wanzeru kuposa onse komanso chitsiru kuposa onse. Chachiwiricho ndikuvomereza. Ndikhululukireni. Ndafuna kuti mumve kwa ine musanamve kwa ena.

Mwana wanu,
Saran

Yanfolila, 21 Julayi 1997

Saran,

Moni. Amayi ako ali bwino koma sakutuluka pakhomo. Mkaka akukagulitsa ndi akazi a amalume ako.

Kalata yochokera kwa iwe ya nkhani imeneyi sindinalandire. Ndaimvera pa siteji ya basi, kwa Drissa, amene anaimva kwa mayi wa mnyamata wina amene anali pa benchi. Pofika Lachisanu ku mzikiti inali itakula, akuti a Satigui unawagendanso ndi choko. Zimenezo kaya. Zimene zili zoona zikukwana.

Abambo awo a Satigui ndi agogo ako ankamwetsa ng'ombe pa chitsime chimodzi. Pa maliro a agogo ako, a Satigui anachoka ku Bamako kudzanyamula nawo thupi. Ine ndemwe sindikhala pa mpando iwo ataima. Za Ballo ndinakhala chete miyezi yonseyi pofuna kuona kumene zikathere. Ndaona.

Longedza katundu, ubwere ndi basi ya Drissa. Usadikire zotsatira. Ukalephera, pangano lathu ukulidziwa. Ukakhoza, ndiye kuti wakhoza ndi chipongwe, ndipo malo opezeka potukwana mkulu mwana wanga sakhalapo. Pepala la chilolezo cha kholo limene amafuna polembetsa sindisaina. Sukulu imene imapatsa mwana malikisi chifukwa chotsutsa munthu waimvi yandionetsa chimene imatulutsa.

Zokapepesa kwa a Satigui ndi zanga, iwe wayankhula mokwana.

Bambo ako,
Broulaye Diakité

Bamako, 10 Ogasiti 1997

Achimwene,

Landirani moni. Mlamu wanga muwauze atuluke, anthu a pa msika amaiwala ikangobwera nkhani ina.

Kalata yanu ndi ya mwana zinadutsana pa njira, ndipo yanuyo inagona ndi basi m'matope a ku Bougouni. Drissa wabwerera kawiri wopanda Saran. Ndine ndinakaniza, mukalipire ine.

Zotsatira zatuluka. Wakhoza, ndipo pa apakamwa palibe anamuposa. Malikisiwo anapereka ndi a Satigui omwewo. Tinapita kwawo ndi mtedza wa kola wopepesera. Anatisiya pa mphasa mpaka miyendo inachita dzanzi. Atatuluka anangonena kuti pa masamu mwana anamupatsa zimene zinali zake, zotsalazo si za sukulu, ndi za kwathu, ndipo sanamalize kuziganiza. Kola sanalandire. Sindikunamizani kuti anamwetulira, sanamwetulire.

Pepala lofuna dzina lanu ndalitsekera muno. Likapanda kubwerera mwezi uno usanathe, malo apatsa wina.

Ballo anadzipereka kukwera basi kudzakupemphani yekha. Mukudziwa kuti wosula akagwira phazi la Mfula n'kupempha, Mfula sakana, mukanasaina ngakhale mukukukuta mano. Ine ndinali nditamusitira kale mkanjo. Mwana ndiye wakana. Akuti sakufuna kubisalanso kumbuyo kwa wosula, alemba yekha. Kuyambira dzana akungong'amba mapepala, mpunga sakudya. Chimene alembe sindikuchidziwa. Mbali yanga ndi yakuti chitsiru chachikulu pa nkhaniyi ndine, ndinamuphunzitsa kutukwana osamuphunzitsa kuyamba wafunsa dzina.

Mlongo wanu,
Tenin

Bamako, 11 Ogasiti 1997

Okondedwa Abambo,

Mtendere ukhale nanu ndi amayi. Ndikufunsa za bondo lanu ndi za mvula, ndipo lero ndikufunsa ndi mtima wonse, sikuti ndikuzengereza.

Kalata yanu ndaiwerenga mmene ndimawerengera funso, mzere ndi mzere. Mwati ndinatukwana mkulu. N'zoona. Mwati ndachititsa manyazi amayi ndi dzina lathu. N'zoonanso, ndipo ndizipita pakhomo pa a Satigui kukagwada mpaka tsiku limene adzalandire kola, kaya ndi chaka chino kaya cha mawa. Kenako mwati ndinakhoza ndi chipongwe.

Abambo, pamenepo mwalakwitsa.

Onani mmene zilembo zapindikira, koma ndipitiriza. Chipongwe sichinapatsidwe malikisi. Muchotse matukwano onse, matheka aja akhalabe osatha. Mu Bamako monse palibe munthu anali ndi chifukwa chondilepheretsa kuposa a Satigui, koma sanatero. Ndiye malowo ndinawapeza ndi masamu. Chipongwe chinangonditsegula pakamwa, ndipo manyazi anga enieni ndi amenewo, kuti ndinachita kufunikira wosula kuti ndinene zoona.

Taganizani mlonda uja akananena dzina lolondola. Ndikanalowa n'kugwada, a Satigui akanatchera bodza lawo, ine n'kuti inde. Ndikanalephera mwaulemu, inu mukanandilandira pa siteji monyadira. Koma ntchito imene ndikufuna ndi ya milatho. Tsiku lina mkulu waimvi adzalakwitsa powerengera zitsulo, ine ndili pambali pake. Ndikadzati inde, ogwera m'madzi adzakhala anthu a m'basi ya Drissa.

Inu si wosula, ndipo polemba izi sindikudzinamiza kuti ndinu munthu wina. Ndinu bambo anga, ndimakuopani ndipo ndimakukondani. Mukakana kusaina ndikwera basi ndibwere, sindithawa. Koma ndidzabwera ndikudziwa kuti mwalakwitsa, ndipo inunso mudzadziwa kuti ndikudziwa.

Mwana wanu,
Saran

Yanfolila, 24 Ogasiti 1997

Mwana wanga Saran,

Talandira moni wako. Amayi ako ayambanso kupita ku msika. Mvula ikugwa bwino.

Kalata yako iyi sindinawerengere munthu aliyense. Yakhala m'thumba mwanga masiku onsewa, ndikuitulutsa ndikakhala ndekha, kufunafuna polakwika kuti ndikubwezere. Ku ofesi ya thonje zolakwa za anthu m'mapepala ndinkazipeza ndisanakhale n'komwe pansi. Apa ndatuluka chimanjamanja. Usaganize kuti ndakondwera. Chimwalirireni agogo ako palibe munthu anandiuzapo mawu amenewo, ndipo sindinkayembekeza kuwamva kwa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kusamba m'manja.

Pepala ndasaina, Drissa akupatsa m'manja. Kwa a Satigui ndibwera ndekha sabata ya mawa, iwe udzakhale kumbuyo kwanga, pakamwa potseka. Kwa Bourama ndapitako kale. Zimene tinakambirana si zako, koma sizinali zophweka, ndipo abambo ake asiya kundipatsa moni.

Chatsala chimodzi. Ndikudziwa kuti wayamba, suleka. Ukadzabwera pa tchuthi n'kuona kuti ndalakwitsa pena, usadzanene pamaso pa amayi ako kapena amalume ako. Udzandipeze kukhola m'mawa nthawi yokama, udzanene kumeneko. Ndidzamva.

Bambo ako,
Broulaye Diakité